Chala chatsopano cha Coral

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Msika wa ku Linares, mphepo yozizira, masokosi sanayende. M'mawa Coral walimbana ndi batani la juzi mpaka kulira. Zaka zinayi, dzanja lamanja lopanda chala chachikulu chibadwire, chakumanzere kachala kolendewera kopanda mphamvu. Supuni amaipanira pakati pa zala ziwiri, msuzi wonse pachifuwa. Ndati ndimuthandize, wandikankha. “Ndekha, ababa!” Mutu wa mayi ake weniweni.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kuchipatala ku Sevilla ndi mkazi wanga Saray. Dzina la matenda a Coral ndi lomwe lija, Fanconi. Magazi akucheperachepera chifukwa mafuta a m'mafupa sakugwira bwino ntchito. Dokotala wa manja akuti angathe kusuntha chala cha mkombaphala, kuchitembenuza, chikhale chachikulu. Koma achite tsopano, magazi akadali ndi mphamvu youndana. Tikachedwa sadzayerekeza kumucheka. Pobwerera, Coral kumbuyo akuimbira chidole chake.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Apongozi, mayi Fali, akana. “Mwana ali ndi zala zinayi zabwinobwino, inu mukufuna mukamudulenso? Eusebio, mwana si nsalu ya pamsika.” Pochoka kumapemphero ndawaona akumangira Coral zingwe za nsapato, misozi ili mbwee. Amamukonda, basi. Mantha awo ndi anga omwe.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kusukulu ya mkaka anzake a Coral adula mapepala ndi sizasi, iye amupatsa zomata. Pakudya wafunsa ngati zala zimamera munthu akakula, monga mano. Saray wadzuka, wakaima kukhitchini nthawi yaitali. Atabwera wangoti, “Tikasaine.”

Lachinayi, 20 Malichi

Opaleshoni yatheka. Anayamba amuwonjezera magazi. Pakhonde tinadzaza, abale a mbali zonse, mpaka namwino kutidandaulira. Mlamu wanga Chato wandigwirira msika sabata yonse, ndalama wakana. Coral watuluka ndi chikhakha mpaka m'chigongono, nkhope yoyera ngati pepala. Mawu ake oyamba: akufuna yogati wa sitiroberi.

Lolemba, 28 Epulo

Achotsa chikhakha. Chala chili pamalo pake, chotupa, chofiira, zipsera kuzungulira. Ine ndaona chokongola. Iye wayang'ana kamodzi, wabisa dzanja kukhwapa. “Si changa.” Usiku wonse, tsiku lonse, dzanja m'thumba. Kodi tamulakwira?

Lachiwiri, 13 Meyi

Kwa mayi Nieves, ophunzitsa manja. Nyemba za tchana m'mbale, zopanira zovala, dongo. Coral amazemba chala chatsopanocho, amatolabe ndi zala zapakati monga kale. Akuti mutu sunadziwe kuti chalacho chinasamuka, tisamukakamize. Petulo wa maulendowa watimaliza. Kunyumba apongozi akhala naye pansi, akusankha tchana limodzi, iwo dala akugwetsa. “Taona agogo ako manja a nkhalamba, tandithandiza.” Za kukana kuja sakuzitchulanso.

Lachisanu, 30 Meyi

Zotsatira za magazi zatsikanso. Mabala akuda m'miyendo osagwa n'komwe. Ayamba kunena zomuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Ine ndi Saray atiyeza, sitikugwirizana naye. Afufuza kwina. Ndakhala m'galimoto osailiza, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji.

Loweruka, 14 Juni

Msika wa ku Úbeda, dzuwa loswa mtengo. Coral tinapita naye, anakhala pansi pa tebulo ndi makatoni. Mayi wina akunenerera mtengo wa masokosi, ine pakamwa pali gwaa kukangana naye. Coral akuitana, ababa, ababa, ine osamva. Kenaka ululu pantchafu ngati mavu. Ndakuwa, “Iwe, ukunditsina bwanji!” Ndiye ndayang'ana pansi. Dzanja lamanja. Chala chatsopano ndi chinzake, zagwira buluku ndi mnofu womwe, zolimba.

Saray wataya chenji pansi. Mayi wogula uja kudabwa, bambo wamkulu akulira, akupempha mwana kuti amutsinenso. Wanditsina kachiwiri, akuseka. Ankafuna madzi akumwa.

Pantchafu pada. Ndakhala ndikupayang'ana. Lachinayi tikamva za munthu wopereka mafuta, koma lero mwana wanga wanditsina.