Ana Atatu Amene Sanaoneke pa Kompyuta

Mzuzu, 14 Meyi

Okondedwa achimwene a Laws,

Muli bwanji kumeneko ku Nchenachena? Mwendo wa adada unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kusukulu ya makompyuta ya atsikana kuno tafika povuta. Aphunzitsi athu, a Angela, atipatsa ntchito yopanga tsamba la pa intaneti losunga mayina a anthu. Mayinawo amakhala mu chinthu chotchedwa arei, ndiye kuti mndandanda. Wanga uli ndi mindandanda ina mkati: mudzi, m'mudzimo nyumba, m'nyumbamo anthu.

Ndinalakwitsa. Ndinaikiratu malo asanu ndi limodzi pa nyumba iliyonse, potengera chitsanzo cha pa bolodi. Nditayesa ndi nyumba yathu ya anthu asanu ndi anayi, ana atatu a malemu achemwali a Caroline sanaoneke, chifukwa ndinawalemba kumapeto. Kompyuta sinadandaule n'komwe. Mukudziwa kuti kufunsa kumandivuta. Ndinangoyang'ana pa kompyutapo mpaka a Angela anaona okha.

Anandiuza kuti kukula kwa banja sakuyezeratu. Anati ndiyambe ndi mndandanda wopanda kanthu, dzina likabwera ndiliwonjezere kumapeto, ndipo powerenga kompyuta iziona yokha kutalika kwa mndandandawo, osati nambala ya m'mutu mwanga. Ndakonza, koma ndayesa ndi nyumba yathu yokha.

Lachisanu la sabata yamawa kuli mayeso. Aliyense adzaonetsa tsamba lake pamaso pa onse, ndipo khumi okha ndiwo adzapitirize. Anzanga ambiri anafika Folomu 4. Ine wa Sitandade 8 ndikalephera, ndibwerera kudzathyola khofi.

Pempho langa ndi ili. Muyende nyumba zonse za m'mudzi mwathu ndi za kutsidya kwa a Hezron, mulembe aliyense wogona m'menemo, ngakhale mlendo wokhalitsa. Musasiye nyumba ya a Manasseh okhala okha, ndi ya malemu amalume yotsekedwa ija, chifukwa a Angela amakonda kuyesa ndi nyumba yopanda munthu. Pepalalo mupatse a Mike a minibasi pasanafike Lachiwiri.

Mundiperekere moni kwa adada, amama ndi alamu. Za ana aja musawauze amama. Anawo, Wongani, Judy ndi Mtende, mungowauza kuti pa tsamba langa mayina awo ndi amene ali pamwamba tsopano.

Yewo chomene.

Ine mlongo wanu,
Ungweru