Ndinkayesa Ndi Umboni

Okondedwa asuweni,

Muli bwanji ndi dazi lanu lija? Kuno tilipo, mano anga awiri otsala aja akupereka moni.

Nkhani ndi yakuti mwana wanga wamkazi uja anagula nyumba yongomangidwa kumene, yonunkhira penti, zitseko zake sizilira ngati mawondo angawa. Ndalama zinamuperewera, ndiye a kampani yomanga anati amuthandiza ndi ngongole, bola abwere ndi munthu womusainira. Ndinavala jekete langa la paukwati n'kumuperekeza. Kalaliki anati, "Bambo, sainani apa." Ine ndinati, "Umboni ndiye ndimautha, ndinasainira maukwati asanu, atatu alipobe." Anaseka, nanenso ndinaseka, n'kusaina mokhotakhota ngati bwana.

Asuweni, sunali umboni ayi. Pepala lija limati mwana akalephera kulipira, adzatenga nyumba yanga ino. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono ngati nyerere, ndipo magalasi ndinawasiya dala kuti ndioneke mnyamata.

Tsopano mwanayo anamuchotsa ntchito, papita miyezi itatu osalipira. Dzulo kunabwera amuna awiri ndi tepi, n'kumayeza khonde langa. Ndinawafunsa ngati akufuna kundisokera suti, koma sanaseke. Alamu anu sindinawauze, akuganiza kuti tikuwonjezera chipinda, mpaka asankha kale makatani.

Musadandaule, ine ndine mwamuna. Ndikungofunsa chabe: kachipinda kakuseri kaja mumasungamo njinga, kodi kamadonthabe? Nanga njingayo singagone panja?

Ndine msuweni wanu wosamva uja.