Chidole Chovala Kapulana

Canongola, Tete
19 Outubro

Okondedwa Mana Edite,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Dómuè, inu ndi alamu ndi ana? Bondo la amayi lija lasiya kutupa? Maria José, amene akupatseni kalatayi, akuti sabata yatha anawaona akuthirira m'dimba, ndiye sindikudziwa ngati achira kapena ndi makani awo aja. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino latipsereza. Madzi a m'ndowa akumatentha okha ngati ali pamoto, ndipo mwana wanga Telma watuluka totupa ta thukuta m'khosi monse.

Ndaona kuti ndichite kulemba chifukwa pa foni tsiku lija sitinamvane. Inu munali mutapsa mtima, ine ndinayankha mothamanga, ndipo foni inaduka tisanamalize. Munati mwamva kuti Nércia wanu akuyenda m'bairo, m'dera lathu lino, ndi zidole zamaliseche m'jumbo, kuti pali mwamuna amene anamupatsa china, ndiponso kuti mtsikana wa zaka 13 akamasewera ndi zidole ndiye kuti tauni yamusokoneza mutu. Munati akabwera kumudzi mu Dezembro asadzabwererenso kuno. Mwanayo ndi wanu, ndipo mawu omaliza ndi anu. Koma imvani kaye mmene zinayambira.

Zidolezi zinatchuka kwambiri mu Junho, pa tsiku la ana. Kuno amati boneka. Si zija zonenepa zooneka ngati khanda ayi. Izi ndi akazi aakulu ndithu, miyendo yaitali, chiuno ngati cha mavu, milomo yofiira, tsitsi lachikasu lofika m'matako, ndi tinsapato ta gogoda. Zili ponseponse, m'masitolo ndi pamsika pomwe, pafupi ndi pamene ndimagulitsa mbatata. Mwana amene alibe chake anzake samuitana kosewera.

Telma analirira chake masiku ambiri, ine n'kumakana. Tsiku lina ndinanyamula bokosi limodzi n'kuliwerenga. Analembapo kuti asapatsidwe mwana wosakwana zaka zitatu, kuopa kuti angameze tinsapato. Basi, zokhazo. Zimene mwana wa zaka zisanu amaganiza akamayang'ana thupi lotero tsiku lonse, palibe amene analemba. Koma bambo ake, a Sérgio, mukuwadziwa, misozi ya mwana sapirira nayo. Tsiku lina pochokera kuntchito ku Chingodzi anabwera nacho m'thumba. Tinakanganako pang'ono, kenako ndinangozisiya.

Patapita milungu iwiri Telma anayamba kukana chakudya. Ankangolawa kawiri n'kunena kuti wakhuta, ndipo ankakakamira kusamba yekha, ati wakula. Ine ndinkangoseka. Tsiku lachitatu anasanza, ndiye tinathamangira naye kuchipatala poganiza kuti ndi malungo. Malungo sanapezeke. Namwino atakweza diresi kuti amugwire pamimba, tonse tinaona. Mwana anali atadzimanga mphira, ija timamangira katundu panjinga, kuizunguliza kawiri mpaka khungu linalembeka mizere. Namwino anamufunsa mofatsa kuti wamumanga ndani. Iye anati, “Ndekha. Boneka alibe mimba.”

Mana, ndinasowa poyang'ana.

Titafika kunyumba ndinatenga chidolecho kuti ndikachiponye m'chimbudzi, Telma akugubuduka pansi ndi kulira. Apa ndi pamene mwana wanu analowererapo. Anandigwira dzanja nati, “Titia, mukachitaya, mawa akaona cha mnzake. Ndibwerekeni masiku awiri okha.” Ndinali nditatopa, ndiye ndinamupatsa.

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala telala wina, Dona Fernanda, mayi wachikulire wa kuno ku Tete konkuno. Nércia anakapempha tinsalu totsala pansi pa makina ake. Anachikulunga chidolecho m'chiuno ndi pamimba mpaka chinakhala ndi thupi la munthu wodya. Tsitsi lachikasu analimeta, n'kumatapo zotsala za meshi wanga wakuda, n'kuluka timizere. Anasoka ndi manja kabulauzi ka manja otukumuka, kapulana, ija ena amati chitenje, ndi duku, ndipo kumsana anachibereketsa kamwana kopangidwa ndi sokosi. Mapazi okha ndi amene anamukanika, chifukwa anawaumba chopindika kuti azivala gogoda basi, ndiye anangotalikitsa kapulana kuti awabise.

Nsalu ya kapulanayo ndinaizindikira. Anadula kansonga ka ija ya masamba obiriwira imene munamupatsa tsiku lonyamuka. Telma atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka nati awa ndi amayi aakulu a ku Dómuè, akupita kuchigayo. Tsiku limenelo anadya mpunga ndi nyemba mpaka kupempha zina, ati amayi aakulu nawonso adye. Kuyambira pamenepo za mphira sitinazionenso.

Mawa lake Telma anakachionetsa kwa anzake, ndipo nkhani inafala. Ana anayamba kubwera ndi zawo, ena otumidwa ndi amayi awo. Sabado lililonse, tsiku Loweruka, khonde lathu linkadzaza, wina akufuna duku, wina akufuna yunifolomu ya sukulu, wina akuti chake chikhale namwino. Zidole zamaliseche zimene anthu anaona m'jumbo ndi zimenezo. Nércia ankapita nazo kwa Dona Fernanda kuti akamuonetse kadulidwe ka nsalu, ndipo chovala sayeza pamwamba pa chinzake. Mwamuna uja ndi bambo wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Anabweretsa cha mwana wake chifukwa mkazi wake anali atangochira kumene, ndipo anachipereka pakhomo panga ine ndili chiimire pomwepo. Amene anakuuzaniyo anaona theka lokha.

Sindikubisirani, Nércia kusewera amasewera nazo ndithu. Tsiku lina masana ndinabwerera msanga kuchokera kumsika chifukwa cha mutu. Ndinamupeza m'chipinda yekha, atachikhazika chija cha kapulana pamiyendo, akuchiuza motsitsa mawu kuti wakhoza mayeso a masamu ndipo profesora anamuimiritsa kutsogolo kuti anzake amuombere m'manja. Ankachitchula kuti amayi. Ine nkhani ya mayesoyo anali asanandiuze. Ndinabwerera panja mwakachetechete, n'kukhala pakhonde mpaka anamaliza.

Funso lanu lakuti wakula kapena sanakule ndakhala nalo masiku onsewa. Thupi layamba kusintha, inde, ndipo zoyenera kumuuza tinamuuza kale, ine ndi Dona Fernanda titakhala naye pansi. Mpaka lero ndimanenabe kuti zidole zimenezi, mmene amazigulitsiramu, si za ana ngati Telma, amene amakhulupirira chilichonse chimene maso aona. Amayi anzanga pamsika ena amavomereza, ena amati ndine wakumudzi, ndipo sinditsutsana nawo. Koma Nércia akachigwira amaona pulasitiki yofunika kuikonza. Ndipo ngati nthawi zina amachiuza zakumtima kwake, ine sindikuona choipa. Munandiuza nokha kuti anzake awiri amene anayamba nawo sukulu kumeneko ali ndi ana enieni kumsana. Zimenezo ndi zimene zimandichititsa mantha ine, Mana.

Tsopano mumve zimene zachitika chiimbireni foni. Mawu anu Nércia anawamva onse, chifukwa anali pomwepo akusankha mpunga. Sanalire pamaso panga. M'mawa mwake anaika zidole zonse za eni ake m'thumba, zosokedwa ndi zosamaliza zomwe, n'kuzibweza khomo ndi khomo. Singano ndi ulusi anabwezera Dona Fernanda. Nditamufunsa, anangoti ngati amayi atero apita, safuna kuwachititsa manyazi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu. Kusukulu akupita, ntchito zapakhomo akugwira, koma akamaliza amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. Sabado lapitali ana anabwera ngati kale, iye anawauza kuti wasiya, ndipo analowa m'nyumba.

Dona Fernanda anabwera yekha kudzandiona. Anati pa zaka zonse zimene wakhala pa makina, ndi ana ochepa amene anawaona akudula mkono wa bulauzi osaphunzitsidwa. Anati anali ataganiza kale zomukhazika pa makina chaka chamawa, masana akaweruka kusukulu. Anandiuzanso chinthu chimene ine sindinkachidziwa. Mwezi watha anamufunsa Nércia kuti akadzayamba kusoka za anthu, choyamba chidzakhala chiyani. Iye anayankha kuti bulauzi ya amayi ake yovala kutchalitchi, koma vuto ndi lakuti sadziwa muyeso wawo.

Pempho langa ndi limodzi. Mu Dezembro abwere ndithu, adzakuthandizeni kumunda, agogo ake adzamuone, inunso mudzamuyang'ane ndi maso anu, mudzamufunse zonse zimene mukufuna. Koma sukulu zikamatsegulira mumulole abwerere kuno adzapitirize. Kambiranani ndi alamu mofatsa. A Sérgio akuti ngati pakufunika kuti abwere okha kudzafotokoza, abwera, popeza chidole choyambacho anagula ndi iwo ndipo mlanduwo akuuvomera.

Ndikudziwa kuti kulemba kumakuvutani maso, ndipo pa foni ine ndi inu timafulumira kukwezerana mawu. Ndiye musavutike ndi yankho lalitali. Maria José abwerera kuno Lachinayi ndi galimoto ya mbatata. Ngati mwakana, mungomuuza pakamwa, ine ndidzamva ndipo ndidzamukonzekeretsa mwanayo bwinobwino. Ngati mwalola, mumupatsire bulauzi yanu yakale imodzi, ngakhale yong'ambika, bola ikhale yokukwanani bwino m'mapewa. Nércia sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, ndipo sindimuuza kanthu mpaka Lachinayilo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti dimba silithawa, apumitse bondolo. Moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Ulongwé mukawaona, ndi kwa ana onse. A Sérgio akupereka moni. Telma akuti ndikuuzeni kuti wanenepa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tomásia