Kiyi wa Geti la Madzi

Lolemba, 2 Sepitembala

Sabata yachitatu madzi osafika kumunda kwathu, kumapeto kwa ngalande. Chimanga chapota masamba. A Hilario, tcheyamani wa sikimu yathu ya mthirira, amalume awo a amuna anga, akungotsegulira a kumtunda. Ndawafunsa pamsonkhano, akuti, "Demokalase ndi imeneyo, ambiri ali kumtunda." Ndiye ochepafe tidye fumbi? Ndalembetsa dzina. Loweruka ndipikisana nawo pa utcheyamani.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Bambo akunyumba, a Limbikani, akana kudya. Akuti ndawachititsa manyazi kwa abale awo. "Demokalase yakuononga iwe, Luisa." Ha! Dzulo demokalase anali anthu a kumtunda, lero ndi mwano wanga. Mbuzi zikalowa m'dimba, mwini wake amatinso ndi demokalase. Aliyense akuikokera kwake ngati bulangete.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Ku Ngabu ndakumana ndi a Molly, aphunzitsi aja. Akuti mawu oti demokalasewa Angerezi anawatenga kwa Agiriki akalekale, ndipo ankatanthauza mphamvu m'manja mwa anthu. Ndati, nanga ine si munthu? Aseka, akuti kwa Agirikiwo akazi sankavota n'komwe. Zawo zimenezo. Kuno si kwa Agiriki.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Ndisaname, mantha andigwira. Kusikimu sitivota papepala. Opikisana amaima atafulatira, anthu n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna, poyerayera. Ndani alimbe mtima a Hilario akuona? Bwanji ndikatembenuka n'kupeza mbee? Kaya. Ndiima basi.

Loweruka, 7 Sepitembala

Ndinaima pansi pa mlambe, ndikungomva mapazi kumbuyoku. Alangizi a zaulimi atati titembenuke, mayo ine! Woyamba pamzere wanga anali a Mariya, akazi awo a Hilario enieniwo. Anandinong'oneza kuti, "Munda wa mayi anga ulinso kumapeto." Pakamwa panga panangotuluka "Takhuta," zikomo wa kwathu kuno, misozi ili m'maso.

Ine 46, a Hilario 41. A Limbikani anali pamzere wa amalume awo, maso ali pansi. Zandiwawa, sindibisa.

Kiyi wa geti ndamumangirira kunsonga ya chitenje. Madzulo ano a Limbikani adya bwinobwino, kenako n'kufunsa kuti kodi madzi afika liti kumunda kwathu. Ndawauza akafunse komwe anaima.