Chidole chimene ndinaimbira nthungululu

Lamulungu, 6 Novembala 2005, Woolwich

Mutu wanga sunakhazikike lero. Dzulo ndinapita ndi mwana wanga Tadala kupaki kukaonera makombola. Anthu anasonkha chimoto n'kuponyapo chidole cha munthu chovala chipewa. Onse anakuwa mokondwa, ine n'kuimba nthungululu mpaka azungu kucheuka.

Lero titatuluka Misa ndinawasimbira Mai Phiri, nesi mnzanga amene wakhalitsa kuno. Anandigwira mkono.

"Make Tadala, mukumudziwa amene mumawotcha uja? Ndi Mkatolika mnzanu."

Akuti kale dziko lonse lino la Angelezi linali la Katolika. Mfumu inafuna kusiya mkazi, Papa anakana, iyo n'kudziika kukhala mutu wa mpingo. Angilikani inayamba choncho. Misa inaletsedwa, ansembe ankachita kubisala m'nyumba za anthu. Kenaka wa chipewa uja ndi anzake anakonza zophulitsa nyumba ya malamulo, mfumu ina ili momwemo. Anagwidwa asanaphulitse n'kuphedwa, ndipo moto wa dzulo uja ndi wokumbukira zimenezo chaka ndi chaka.

"Ndiye anali wofera chikhulupiriro kapena chigawenga?" ndinafunsa.

"Kafunseni ansembe. Ine ndimangopitira makombola."

Sindikumvetsa. Azakhali anga ku Nkhotakota ndi a Angilikani, koma pamaliro a amayi ndiwo anasambitsa thupi, n'kugwada nafe pa Misa. Palibe anatiuzapo kuti pakati pathu panayakapo moto.

Tadala anamva zonse. Tikudya wandifunsa m'Chingelezi chake chija kuti, "Ndiye oipawo ndife?"

Ndangomuuza kuti adye. Jekete langa likununkhabe utsi, ndipo kolona wanga anali m'thumba la jeketelo nthawi yonseyo.