Ronnie Wagwadira Wina ku Kigamboni

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Kuno ku Mbagala tilipo, kungoti kukutentha.

Mlongo wanga Ronnie anandipempha kuti ndimuthandize kusankha malo a phee okaperekerapo mphete, monga achitira anyamata a m'tauni. Tinapeza ku Kigamboni, m'mphepete mwa nyanja, komwe nyumba zosanjikizana za m'tauni zimaoneka bwino kutsidya. Ndinasangalala poganiza kuti akubwera Tiamike, uja munakamufunsira mbeta kwawo.

Loweruka ndinapita kukaonerera. Amalume, Ronnie anagwada pamchenga ndithu, koma mtsikanayo si Tiamike. Akuti dzina lake ndi Layla, ndipo diresi layamba kale kumuthina pamimba.

Nkhuku za chinkhoswe zija musagule kaye.

Ndine mwana wanu,
Yami