Mbuzi Ibwerere Kumene Inachokera

Chirimba, Blantyre
14 Julayi 2004

Achimwene a Kefasi,

Ndikulonjerani m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, chifuwa chija chikuwapatsako mpata? Ine thupi lili bwino, koma tulo ndiye ndilibe. Chibwerere msuweni wathu Rozi kuno Lolemba kudzaoda katundu ku Limbe, ndikungotembenuka pabedi mpaka kucha, ndipo chondisowetsa tulo ndi mbuzi imene mwamangirira pa mtengo wa mango wa kwa amayi.

Rozi amandiuza akuseka, osadziwa kuti akundibaya. Akuti mwini fakitale ya mafuta ophikira imene mumagwirako ntchito anatumiza mbuzi kwathu, amene munaikoka chingwe ndinu, ndipo amayi munawauza kuti ndi ndiwo za mwana wawo amene akubwera ndi alendo a boma. Akuti mudzi wonse waitcha kale dzina, ndi mbuzi ya Consolata, ndipo tsiku lililonse amayi akuithyolera masamba okha kuti inone.

Ndivomere pamaso pa Mulungu kuti pakamwa panga ndi pamene panayambira. Nditamva kuti a boma oona za chilengedwe atuma gulu lathu kukayeza utsi wa mafakitale a ku Mchinji, ndinakondwa kuti ndikaponda kwathu, ndipo ndinatumiza uthenga kwa amayi wotchula sabata yake. Koma ndinauza mayi wanga, sindinauze fakitale. Inuyo munatola mawuwo pakhonde n'kukawatula m'manja mwa abwana anu.

Mwina ntchito yanga simuidziwa bwino, poti mumangoti ndimagwira za utsi. Anzanga aamuna amakwera pa chumuni n'kulowetsa kapaipi kachitsulo pabowo, makina n'kumakoka utsi kuti udutse pa kapepala koyera. Kapepalako timakayeza pa sikelo kasanalowe ndiponso katatuluka, kuti tidziwe kuchuluka kwa mwaye umene anthu akupuma. Ine sindikwera. Malo anga ndi pansi, pakhomo pa boyila, kuona zimene akuponya pamoto ndi kufunsa kapitawo ngati ndi zomwe amasonkhezera masiku onse. Kapitawo wa boyila kumeneko ndinu, achimwene.

Rozi akuti mwayamba kale kuunjika makoko a mtedza ndi nkhuni zouma zodzasonkhezera tsiku limenelo. Matayala akutha amene mumagula kwa a mathiraki pa boda mukuwasamutsira kuseri kwa mpanda n'kuwafunditsa udzu, pamodzi ndi migolo ya oyilo wakuda. Mukufuna chumuni chanu chidzaoneke choyera tsiku limodzi lokha, ngati chidakwa chimene chatsuka mkamwa poti chamva kuti abambo mfumu akudzayendera mphakati. Tikadzangotembenuka, matayala adzabwerera pamoto.

Musaganize kuti ndikungomvera za Rozi. Pa Khrisimasi ndinaona ndi maso anga. Amayi anayanika ufa pamphasa m'mawa, pofika masana unali ngati mwagwera nyerere. Anausefa, kuusefanso, tinadya womwewo. Mayi amene ankatsogolera nyimbo ku Ludzi Misa yonse osamwa madzi, lero sangamalize ndime imodzi osatsokomola mpaka misozi. Mphepo ikaomba, utsi wanu umalunjika pakhomo pawo. Inu mumagona ku nyumba za kampani mbali inayo, kumene alamu amayanika matewera n'kuwanula ali oyera.

Chandiwawa kwambiri n'chimene munanena pa mowa ku boda, pamaso pa anyamata osintha ndalama. Akuti munati, "Woyeza utsiyo ndinkamukweza pa kaliyala ine, angandilembe chiyani?" Zoona munkandikweza panjinga, ndi sutikesi yomwe, kuchoka kumudzi mpaka pa geti la sukulu, mvula ikugwa. Sindinaiwale ndipo sindidzaiwala. Koma simunkandiperekeza kusukulu kuti ndidzakhale udzu wofunditsira matayala anu. Dzina langa mwalisandutsa chiphaso chodutsira pa boda, ine mwiniwake osandifunsa.

Kodi munaganizako zimene zingandichitikire? Chaka chatha abwana anga anachotsa ntchito mnzathu chifukwa cholandira kireti ya zakumwa pa fakitale ina kuno. Nanga mbuzi yathunthu, yodyera pakhomo pa mayi wanga, mudzi wonse ukuonerera? Ngakhale ndisalawe n'chiwindi chomwe, ndani angakhulupirire? Komanso ndikudziwa kuti inu muli ndi ana pasukulu, ndipo kapitawo wokana mawu a mwini fakitale geti amalionera kunja. Zimenezonso zikundisowetsa tulo. Koma amene anaika ntchito yanga ndi yanu pa chingwe chimodzi si ine.

Dzulo ndinapita ku Misa ya m'mawa koma Ukaristia sindinalandire, chifukwa mtima unali wakuda ndi inu. Pa Atate Athu, titafika pa mawu okhululukirana, ndinangotseka pakamwa. Ndinakalankhula ndi ansembe, iwo anandiuza kuti ndikulembereni ndisanauze munthu wina aliyense, poti m'bale amayamba wadzudzulidwa pawiri. Kalatayi ndi imeneyo. Mukaona mawu ena akuthwa, dziwani kuti akuthwa kwambiri ndawameza.

Za kuno n'zochepa. Chiperoni chatigwira sabata yonse, zochapa sizikuuma, ndipo madzi akumatuluka mwa apo ndi apo. Eni nyumba akuti akonza denga mwezi wamawa, monga ananeneranso mwezi wathawu.

Pempho langa ndi limodzi. Masulani mbuziyo muibweze. Muikoke nokha, masana, kudzera njira yomwe munabwera nayo, kuti amene anaiona ikubwera aionenso ikupita. Amayi muwauze zoona zake. Musawauze kuti mwana wawo wayamba kunyada chifukwa chokhala m'tauni, muwauze kuti mbuziyo inabwera kudzagula chifuwa chawo.

Mukaibweza ndibwera ndi gulu. Ndidzagona ku resitihausi pa boma pamodzi ndi anzanga, ndipo kwathu ndidzafika ntchito itatha. Mukakana, Lachiwiri m'mawa ndikalowa mu ofesi ya abwana n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa kulakwa kwanga. Ndikuwadziwa. Adzasintha tsiku, adzatulukira osauza munthu, matayala ali pamoto, ndipo ine adzandisiya kuno. Amayi adzadikira mwana amene sadzabwera, ndipo wowafotokozera chifukwa chake mudzakhala inu.

Popeza mumakonda kudziwiratu zinthu, nachi chimodzi chimene ndikukuuziranitu mwaulere. Ndikadzabwera ndidzaima pakhomo pa boyila, abwana anga ali pambali, ndipo ndidzakufunsani kuti, "A kapitawo, masiku onse mumasonkhezera chiyani?" Ndidzakuyang'anani m'maso. Mukadzanama, ndidzanena zimene ndinaona pamphasa ya amayi. Konzekeranitu yankho, ndipo musanalikonze mukapiseko chala mu ufa wawo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dailesi ndi ana onse, kwa amalume a Jonasi ku Kachebere, ndi kwa azakhali. Amayi ndawatumizira juzi ndi mpango, Rozi awapatsa, azivala m'mawa poti kukuzizira. Muwauze kuti ndimawakumbukira pa Kolona tsiku lililonse. Inunso ndimakutchulani, ngakhale masiku ano dzina lanu likumandikakamira pakhosi.

Kalatayi ikupezani Lachisanu. Pofika Lolemba madzulo mukhale mutandiimbira foni kuntchito, nambala Rozi ali nayo. Musatume alamu, musatume Rozi, ndikufuna mawu anu. Simukusowa kulankhula zambiri. Mungondiuza kumene mbuziyo yagona.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wokupemphereranibe,
Consolata